Kodi galimoto yodziwongolera yokha ingandipumitse pa ulendo wautali?

Funso: Ntchito yanga imandiyendetsa maulendo ataliatali, ndipo ndikuganiza zogula galimoto yamakono imene ukadina batani imasunga liwiro, imasiya mpata pakati pa iyo ndi galimoto ya kutsogolo, komanso imadziwongolera yokha pakati pa mizere ya msewu. Wogulitsa akuti theka la ntchito yoyendetsa landichokera. Popeza timamva kuti ngozi zambiri amayambitsa ndi anthu, kodi si ndiye kuti kompyuta ikagwira chiwongolero ndikhala wotetezeka kwambiri? Ofufuza apezapo chiyani?

Yankho: Zikomo bambo pofunsa musanatulutse ndalama. Galimoto yoteroyo idzakupumitsani mwendo ndi mapewa, zimenezo n'zoona. Koma ntchito ya m'mutu, yoona zimene zikubwera ndi kusankha chochita, yonse idzakhalabe yanu. Chimene chimatidetsa nkhawa ife ofufuza za anthu ndi makina n'chakuti galimotoyo imayendetsa bwino mokwanira kukupangitsani kumva ngati ntchito imeneyonso yakuchokerani, pamene sinachoke.

Mu 2014 bungwe la mainjiniya la SAE linagawa magalimoto m'magawo 6, kuyambira 0 mpaka 5, potengera kuchuluka kwa ntchito imene makina amagwira. Imene mwafotokozayi ili pa gawo 2, limodzi ndi Autopilot ya Tesla, Pilot Assist ya Volvo, Super Cruise ya General Motors ndi ProPILOT ya Nissan. Pa gawo limeneli makina amawongolera ndi kusunga liwiro, koma woyendetsa ndinu nthawi yonse, ndipo galimoto ikhoza kulakwitsa osakuchenjezani n'komwe. Ndiye ntchito yanu sichepa, imangosintha. Mumasiya kuyendetsa n'kuyamba kulondera. Funso lenileni tsono ndi lakuti, kodi munthu amatha kulondera makina amene salakwa kawirikawiri?

Funso limeneli linayankhidwa kalekale, magalimoto oterewa asanalotedwe n'komwe. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, asilikali a ndege a ku Britain anaona kuti anthu awo oyang'ana pa sikirini ya rada, pofunafuna sitima za adani zoyenda pansi pa madzi, ankaphonya zizindikiro zimene zinali pamaso pawo penipeni. Katswiri wina, Norman Mackworth, anapanga chida chonga wotchi yopanda manambala, muvi wake ukudumpha pang'ono sekondi iliyonse. Mwa apo ndi apo muviwo unkadumpha mtunda wowirikiza, ndipo munthu ankangofunika kudina batani akaona zimenezo. Ntchito yake inali yomweyo basi, kwa maola 2. Zotsatira zimene anafalitsa mu 1948 zinaonetsa kuti patangotha mphindi 30 zoyambirira anthu ankayamba kuphonya kwambiri. Sanali aulesi kapena osasamala. Ubongo wa munthu ukakhala ukudikira chinthu chosabwerabwera, umayamba kuyendayenda wokha, ndipo ngakhale mutadzilimbitsa mtima bwanji simungauletse kwa nthawi yaitali.

Mu 1983 Lisanne Bainbridge wa pa University College London anaonjezerapo mfundo imene aliyense m'ntchito yathu amaidziwa pamtima. Iye ankalemba za mafakitale, koma zimene ananena zikukwanira bwino pa chiwongolero. Mainjiniya amapatsa makina ntchito zosavuta kuzipanga, n'kumusiyira munthu zovuta zimene makina akanika. Munthuyo, chifukwa sakugwiranso ntchito ndi manja ake, luso lake limazilala ndipo sadziwanso bwinobwino zimene zikuchitika. Kenako makina aja akafika pothedwa nzeru, pa nthawi yoipitsitsa, amamuponyera zonse munthu amene wakhala nthawi yaitali osachita kanthu. Makina akamakhala odalirika kwambiri, munthu amakhala wosakonzeka kwambiri.

Kampani ya Google inadzionera yokha zimenezi mu 2013. Inabwereketsa antchito ake magalimoto odziwongolera pa misewu ikuluikulu, itawauza momveka kuti maso akhale pamsewu ndiponso kuti m'katimo muli makamera owajambula. Anali anthu ophunzira, odziwa kuti makinawo ndi oyeserera chabe. Komabe makamera anajambula wina akudzola zodzoladzola kumaso, ena ali pa foni, wina atagona tulo galimoto ikuthamanga pafupifupi makilomita 90 pa ola. Google inaimitsa ntchitoyo n'kuganiza kuti ipange galimoto yosadalira munthu n'komwe, ndipo mu 2014 inaonetsa kagalimoto kopanda chiwongolero. Ntchito imeneyo ndi imene lero ikutchedwa Waymo.

Mwina mukuti amenewo anali ongosangalala ndi chinthu chatsopano. Kafukufuku akuonetsa kuti kuzolowera kumaipitsa zinthu m'malo mozikonza. Bungwe la IIHS, limene limathandizidwa ndi makampani a inshulansi ku United States, pamodzi ndi ofufuza a ku yunivesite ya MIT, anapatsa anthu 20 a ku Massachusetts magalimoto kwa mwezi wathunthu n'kumawajambula. Masiku oyamba anthuwo ankayendetsa mosamala monga mwa nthawi zonse. Pakutha kwa mweziwo, amene ankagwiritsa ntchito Pilot Assist ankachotsa manja onse awiri pa chiwongolero kuwirikiza ka 12 poyerekeza ndi pamene ankayendetsa okha, ndipo kugwiragwira foni kunachulukanso. Zotsatirazi zinatuluka mu 2020. Ku yunivesite ya Stanford nako, pa ophunzira 48 amene anaikidwa m'makina oyerekezera kuyendetsa galimoto, 13 anayamba kuwodzera atauzidwa kuti azingoyang'anira msewu, pamene 3 okha ndi amene anawodzera akuwerenga kapena kuonera kanema. Apa pali msampha weniweni: mukamvera malangizo n'kungoyang'ana msewu osachita kanthu, tulo timabwera, mukadzitangwanitsa kuti musagone, maso achoka pamsewu. Inu amene mumayenda maola ambiri pa msewu wowongoka, mfundo imeneyi ikukukhudzani kuposa ena onse.

Nanga makina akakubwezerani galimoto, zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti muyambirenso kuyendetsa? Ofufuza ena anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 129 n'kuzifalitsa mu 2019, ndipo anapeza kuti anthu amatenga masekondi pafupifupi 2.7 tikatengera pakatikati. Zikuoneka zochepa, koma pa liwiro la makilomita 100 pa ola galimoto imadutsa mamita 28 sekondi iliyonse, choncho masekondi amenewo ndi mamita 75. Ndiponso nambala ya pakatikati imabisa anthu ochedwa, amene ndi omwe amachita ngozi. Alexander Eriksson ndi Neville Stanton a pa yunivesite ya Southampton anapeza mu 2017 kuti pamene panalibe chowafulumizitsa, ena ankatenga masekondi 1.9 pamene ena ankafika 25.7. Kugwira chiwongolero nakonso sikutanthauza kuti mwayambadi kuyendetsa. Gulu la Natasha Merat ku yunivesite ya Leeds linapeza mu 2014 kuti pankapita masekondi 35 mpaka 40 kuti kawongoleredwe ka munthu kakhazikikenso. Manja amafika msanga, mutu umabwera pambuyo: uyenera kudziwa kaye kuti kumbuyo kuli ndani, kumbali kuli mpata kapena ayi, chakutsogolocho chaima kapena chikuyenda.

Pali kafukufuku mmodzi amene ndikufuna kuti mumumve bwino, chifukwa kwa ine ndi amene amayankha funso lanu mwachindunji. Anachita ndi kampani ya Volvo pa bwalo loyesera magalimoto la AstaZero ku Sweden, ndipo Trent Victor ndi anzake anafalitsa zotsatira mu 2018. Anthu 106 anakwera galimoto yeniyeni yodziwongolera, n'kumatsatira galimoto ina kwa mphindi 30. Zonse zinkayenda bwino, galimoto ikukhota yokha, ikusunga mpata yokha. Kenako kutsogolo kunkapezeka chinthu choima pakati pa njira: kwa ena thumba la zinyalala, kwa ena galimoto yabodza yopopa mpweya imene inkatulukira balamanthu galimoto ya kutsogolo ija itapatuka. Kwa anthu 76 mwa iwo, galimoto sinaponde buleki kapena kupewa yokha, zinali kwa woyendetsa kuti achitepo kanthu. Anthuwa anali atauzidwa kale za zimene makinawo sangathe, ndipo ambiri ankakumbutsidwa kuti maso akhale pamsewu. Mwa 76 amenewo, 21 anagunda chinthucho, kutanthauza 28 peresenti.

Chodabwitsa si chiwerengerocho ayi. Makamera anaonetsa kuti anthuwo ankachiona chinthucho. Maso anali dwii pa icho, ena manja ali pa chiwongolero, koma sanakhote kapena kuponda buleki pa nthawi yake. Atafunsidwa, ananena kuti ankayembekezera kuti galimoto ichita yokha. Mphindi 30 zokha za kuyenda kosalakwa zinakwanira kufafaniza chenjezo limene anali atangolimva. Ofufuzawo anapezanso kuti kukhala ndi manja pa chiwongolero kapena ayi sikunasinthe chiwerengero cha ogunda. Ndiye munthu akakuuzani kuti palibe vuto bola maso ali pamsewu ndi manja pa chiwongolero, dziwani kuti zimenezo n'zofunika koma sizokwanira. Chimene chimapulumutsa ndi kudziwa mumtima kuti galimotoyi siichitapo kanthu, ndichite ndine. Masekondi amene munthu amataya akudikira kuti aone ngati makina aponda buleki ndi omwe aja akanamupulumutsa.

Pamsewu weniweni zimenezi zatayitsa miyoyo. Pa 18 Malichi 2018, cha m'ma 10 koloko usiku ku Tempe m'chigawo cha Arizona ku United States, galimoto yoyeserera ya kampani ya Uber inagunda ndi kupha mayi wina amene ankawoloka msewu akukankha njinga. Bungwe lofufuza ngozi la NTSB linalondola sekondi iliyonse. Makina anamuona mayiyo kutatsala masekondi 5.6. Koma sanadziwe kuti ndi chiyani: ankamuyesa galimoto, kenako chinthu chosadziwika, kenako njinga, ndipo nthawi iliyonse akasintha maganizo ankaiwala kumene chinthucho chinkalowera n'kuyambiranso. Makinawo sanakonzedwe kuti aziyembekezera munthu wowoloka pamalo opanda mizere yowolokera. Kutatsala masekondi 1.2 anazindikira kuti ngozi ichitika, koma anapangidwa kuti azidikira kaye sekondi imodzi asanaponde buleki mwamphamvu, poyembekezera kuti munthu wa m'galimoto alowererapo. Mabuleki adzidzidzi amene galimotoyo inabwera nawo kuchokera ku fakitale anali atazimitsidwa. Ndipo wolondera amene anakhala pa mpando wa dalaivala ankaonera pulogalamu ya pa TV pa foni yake, n'kudzutsa maso mochedwa kwambiri. Miyezi ingapo m'mbuyomo kampaniyo inali itachepetsa olondera kuchoka pa awiri kufika pa mmodzi m'galimoto iliyonse. NTSB inaloza chala wolonderayo, koma inanenanso poyera kuti kampaniyo sinachite zokwanira pothana ndi mphwayi zimene zimagwira aliyense wolondera makina. Amene anakaonekera kukhoti ndi wolonderayo, ndipo mu 2023 anavomera mlandu woika moyo wa ena pachiswe. Inunso zikadzavuta, buku la galimoto yanu lidzakhala litanena kale kuti udindo ndi wa woyendetsa.

Pafupifupi zaka ziwiri ngozi ya ku Tempe isanachitike, pa 7 Meyi 2016 ku Williston, Florida, Tesla imene inali pa Autopilot inalowa kunsi kwa thiraki imene inkadutsa mopingasa, ikuthamanga makilomita pafupifupi 119 pa ola, ndipo woyendetsa anamwalira. Pa mphindi 37 zimene makinawo anali oyatsidwa, manja ake anamveka pa chiwongolero kwa masekondi 25 okha. Mu Disembala 2023 Tesla inakakamizika kukonza magalimoto oposa 2 miliyoni ku United States, bungwe la boma la NHTSA litapeza kuti njira zake zoonetsetsa kuti woyendetsa ali tcheru zinali zosakwanira.

Tsopano za mfundo yanu yoti ngozi zambiri amayambitsa ndi anthu. Nambala imene imatchulidwa kwambiri ndi 94 peresenti, yochokera mu lipoti la NHTSA la 2015. Lipotilo linkanena za chinthu chomaliza chimene chinachitika ngozi isanachitike, ndipo linachenjeza lokha kuti sichiyenera kutengedwa ngati gwero la ngoziyo. Msewu wokonzedwa molakwika, liwiro lololedwa lokwera kwambiri, mdima, zonsezi zimabisala kumbuyo kwa mawu akuti dalaivala walakwa. Wapampando wa NTSB, Jennifer Homendy, anadzudzula poyera kagwiritsidwe ntchito ka nambalayi mu 2022. Nambalayi imaiwalitsanso kuti anthu amapewa ngozi zosawerengeka tsiku lililonse, zimene palibe amazilemba. Ku United States, pa makilomita pafupifupi 160 miliyoni alionse amene magalimoto ayenda, pamafa munthu mmodzi kapena kupitirirako pang'ono. N'chifukwa chake bungwe lofufuza la RAND linawerengetsera mu 2016 kuti magalimoto odziyendetsa angafunike kuyenda makilomita pafupifupi 440 miliyoni popanda imfa kuti titsimikize kuti akuposa anthu. Padziko lonse anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse malinga ndi bungwe la WHO, ndipo ndikufunitsitsa makina atatithandiza kuchepetsa chiwerengero chimenecho. Koma kufunitsitsa si umboni.

Umboni ulipo, ndipo ndi wamphamvu, pa makina a mtundu wina: aja amene amakusiyani inu mukuyendetsa, iwo n'kumakulonderani. Mabuleki odziponda okha mukatsala pang'ono kugunda galimoto ya kutsogolo amachepetsa ngozi zoterozo ndi theka, malinga ndi kafukufuku wa Jessica Cicchino wa ku IIHS wa 2017. Chifukwa chake n'chomveka. Makina satopa, sawodzera, sanyong'onyeka, choncho kulondera ndi ntchito yowayenera. Munthu amakhala maso akamachita kanthu, choncho kuyendetsa ndi ntchito yomuyenera. Gawo 2 limatembenuza zimenezi, aliyense n'kupatsidwa ntchito imene saitha bwino. IIHS itafufuza ziwerengero za ngozi sinapeze umboni wokwanira woti kudziwongolera kumaonjezera chitetezo pamwamba pa chimene mabuleki adzidzidzi ndi machenjezo amapereka kale, ndipo inati tizikuona ngati chinthu chopeputsa ulendo basi. Mu Malichi 2024 inayesa makina 14 a gawo 2 pa mmene amasungira woyendetsa kukhala tcheru. Amodzi okha, a mu Lexus, ndi amene anapezeka ovomerezeka, ndipo 11 anagwa m'gulu lotsikitsitsa.

Magawo apamwamba ndi nkhani ina. Pa gawo 3 galimoto imaloledwa kukuuzani kuti chotsani maso pamsewu, koma pamalo ochepa kwambiri. Honda inayamba ku Japan mu 2021 ndi magalimoto 100 okha, ndipo Drive Pilot ya Mercedes-Benz inavomerezedwa ku Germany kumapeto kwa chaka chomwecho, pa misewu ikuluikulu yokha ndiponso pa liwiro losapitirira makilomita 60 pa ola poyamba. Malamulo ake amapatsa munthu masekondi 10 kuti atenge galimoto, akalephera iyambe kudziimitsa yokha. Mukakumbukira za ku Southampton ndi ku Leeds zija, muona chifukwa chake ofufuza ambiri amakayikira ngati masekondi 10 angakwanire aliyense. Pa gawo 4, monga matakisi a Waymo ku Phoenix ndi San Francisco, mulibe dalaivala ndipo galimoto siyembekezera kupulumutsidwa ndi wokwera. Kafukufuku amene Waymo inachita ndi kampani ya inshulansi ya Swiss Re mu 2024, pa makilomita oposa 40 miliyoni, anapeza kuti madandaulo a ku inshulansi a kuvulala kwa anthu anali ochepa ndi 92 peresenti poyerekeza ndi madalaivala wamba. N'zolimbikitsa, ngakhale kuti kampaniyo inali nawo pa kafukufukuyo ndipo magalimotowo amayenda m'madera osankhidwa okhala ndi mapu atsatanetsatane. Magalimoto amenewo sagulitsidwa kwa anthu, ndipo ziwerengero zake sizikunena chilichonse za imene mukufuna kugulayo.

Kodi ndiye musagule? Gulani ngati mwaikonda, makamaka ngati ili ndi mabuleki adzidzidzi ndi chenjezo la galimoto imene ili pambali panu pomwe magalasi saonetsa. Funsani wogulitsayo ngati ili ndi kamera yoyang'ana maso a woyendetsa, chifukwa makina amene amangomva kulemera kwa dzanja pa chiwongolero sadziwa kumene mukuyang'ana. Mukamaiyesa, onaninso ngati imakulolani kukhotetsa pang'ono osazima. Ofufuza a IIHS anapeza kuti oyendetsa magalimoto olola zimenezi amakhala okonzeka kulowererapo kuposa amene galimoto zawo zimazimitsa makina munthu akangogwedeza chiwongolero. Werengani m'buku lake masamba onena za zimene singathe. Mudzapezamo galimoto zoima, makona akuthwa, mizere yofufutika, mvula yamphamvu, dzuwa lothobwa m'maso ndi malo amene akukonza msewu. Nkhani ya zinthu zoima ndi yofunika kuigwira: makina ambiri amapangidwa kuti asamachite mantha ndi chilichonse chosayenda, kuopa kuti angamaponde buleki pa chikwangwani kapena mlatho uliwonse, ndiye nthawi zina galimoto yoima pakati pa njira nayonso saisamala, makamaka pa liwiro lalikulu.

Mukayatsa makinawo, dzitengeni ngati mphunzitsi amene wakhala pambali pa wophunzira waluso koma wosadziwa pamene nzeru zake zathera. Mphunzitsi wotero sadikira kuti aone ngati wophunzira aponda buleki. Mukaona chinthu kutsogolo n'kuyamba kudzifunsa ngati galimoto yachiona, nthawi yolowererapo yakwana kale, ndiye pondani buleki kapena khotani nokha. Phazi likhale pafupi ndi buleki, osati litapindidwa pansi pa mpando. Pa ulendo wautali muzizimitsa makinawo pafupipafupi n'kuyendetsa nokha kwa kanthawi kuti mutu ubwerere pamsewu. Ndipo chofunika kwambiri kwa inu: musawayatse chifukwa choti mwatopa. Imeneyo ndi nthawi imene amakopa kwambiri, komanso ndi nthawi imene amabweretsa tulo msanga, popeza achotsa kantchito kochepa kamene kamakusungani maso. Zikope zikayamba kulemera, imani pamalo abwino mugone mphindi 15 kapena 20, ndipo pokonza ulendo muziwerengera nthawi yopuma maola 2 alionse monga mmene mukanachitira ndi galimoto yanu yakale.